Chigubu pa Denga la Galimoto Yofiira

Galimoto imene inanyamula mwana wanga wamkazi kupita naye kwawo ku Ntcheu sinali yanga. Inali ya makaniko wina wa ku Biwi, amene ndinkamugwirira ntchito yokwecha magalimoto ndi sandipepa asanawapope penti. Anali wamng'ono kwa ine, wa msinkhu wa mwana wanga, koma ndinkamutchula kuti amisiri, iye n'kumanditchula kuti madala.

Galimotoyo anaipeza ku Kanengo, kuseri kwa shedi ya fodya, itakhala pa njerwa, udzu utamera mpaka m'mawindo. Amati mzungu wina wogula fodya anabwera nayo kuchokera ku America kalekale, ndipo pobwerera kwawo anangoisiya. Ogula zitsulo zakutha ankafuna kuidula, koma amisiri anawapitirira, naikoka ndi thirakitala mpaka ku galaja. Tsiku limenelo anzathu a magalaja oyandikana nafe anaseka mpaka kugwira nthiti. Wina anafuula kuti, "Aise, khola la nkhukuli walitenga kuti?"

Inali ya zitseko ziwiri zokha, chiwongolero kumanzere, boneti yaitali yoti munthu n'kugonapo osapinda miyendo. Injini yake inali ya masilinda eyiti. Zipangizo zake kunalibe m'dziko muno, choncho amisiri ankasula okha kapena kubwereka ku magalimoto ena. Kabureta inachokera ku lole. Mipando anaikuta munthu wina wopanga masofa ku Kawale. Ine ndinakwecha thupi lonse mpaka zala zanga zinasiya kumva kutentha kwa kapu ya tiyi. Zinatenga zaka. Pomaliza inapopedwa penti yofiira, mizere iwiri yakuda kuchokera kumphuno mpaka kumbuyo, ndipo tsiku limene inalira koyamba, agalu a ku Biwi anathawira kumanda.

Lamulungu masana amisiri ankaitulutsa. Ankazungulira Biwi, Kawale, nthawi zina mpaka ku Area 23, ana akuthamanga pambuyo. Mafuta ankathira monga timathirira tonse m'tauni muno, lita imodzi kapena awiri, ongokwanira kupita ndi kubwerera. Singano ya mafuta sinadzukepo pamene inagona. Palibe amene ankaona cholakwika pamenepo. Ndani ku Biwi anadzazapo thanki?

Mwana wanga anabadwira kumudzi kwa amayi ake, kupitirira Lizulu. Ine ndinachokako iye akukwawa, ndinabwera ku tauni, ndipo sindinabwerereko. Anadzandipeza yekha ali wamkulu kale. Anafika ku Kawale ndi chikwama chimodzi, anaima pakhomo n'kunena kuti, "Ndine mwana wanu." Sanandifunse china chilichonse, tsiku limenelo kapena lina. Anayamba kugulitsa kaunjika mumsika, anakwatiwa, ndipo ndi iye amene anandikokera ku sukulu ya kwacha ataona ndikudinda chala pa pepala la kuchipatala. Ndinaphunzira kulemba dzina langa ndili ndi imvi.

Mwamuna wake ndiye anayamba kumwalira. Kenaka mwana wangayo anayamba kutsokomola, kuonda, zilonda m'kamwa, matenda aja amene m'zaka zimenezo ankalowa pafupifupi mpanda uliwonse. Mankhwala anali atabwera, koma iye anawayamba mochedwa. Mwezi wa Juni a kuchipatala anati tikamusamalire kunyumba, ndipo tonse tinadziwa tanthauzo lake. Ankamusambitsa ndi mayi wina wa ku Rumphi amene tinkakhala naye mpanda umodzi, poti bambo sasambitsa mwana wamkazi wamkulu. Mayiyo ankanditchula kuti adada, monga amachitira kwawo.

Tsiku lina m'mawa mwana wanga anandiitana. Mawu ake anali atachepa, ndinachita kugwada kuti ndimve.

"Ababa, ndiperekezeni kwa amayi. Ndikufuna ndikawaone inenso, osati iwo okha adzandione."

Amayi akewo sakanatha kubwera, miyendo yawo inali yotupa. Ndinapita ku depoti kukalankhula ndi a minibasi. Kondakitala wina anandimvetsera bwino, kenaka anafunsa ngati wodwalayo angathe kukhala tsonga. Nditati ayi, anapukusa mutu. "Madala, amenewo ndi a ambulansi. Akatsirizikira mwathu muno, mawa akwera ndani?"

Ndinabwerera ku galaja n'kutenga sandipepa wanga, koma ntchito sinkayenda. Amisiri anandifunsa, ndinawauza. Anaponya sipanala pansi.

"Ndiye mumangokhala chete, madala? Chilombo chofiirachi chakhala chikulirira msewu wautali. Mawa m'mawa tinyamuka. Dzuwa likamafika pamutu mwana ali kwa amayi ake."

Tinatumiza uthenga kudzera pa foni ya mphunzitsi wa kumudziko kuti tifika masana.

M'mawa mwake, kumulowetsa mwana wanga m'galimoto kunali kovuta. Tinachita kupinda mpando wakutsogolo, mayi wa ku Rumphi n'kulowa kaye kumbuyo, ife n'kumupatsira wodwalayo ngati mtolo wa bango. Anagona mutu pa miyendo ya mayiyo, mawondo atapinda, titamufunditsa mabulangete awiri. Ine ndinakhala kutsogolo, mbali ya kumanja, ndipo ndinapititsa dzanja pakati pa mipando n'kugwira phazi lake. Linali lozizira ngati mwala wa kumtsinje. Mpanda wonse unatuluka kudzationa. Amisiri ataliza injini, mwana wanga anatsegula maso.

"Ababa, anthu aziyesa ndi ukwati."

Pa malo omwetsera mafuta ndinauza amisiri kuti tidzaze thanki. Sindinkafuna kuti tikaime panjira n'kumagula mafuta a m'zigubu a m'malire muja, amene ena amasakaniza ndi parafini. Amisiri anavomera. Wothira mafutayo anagwira paipi mpaka dzanja linatopa. "Bwana, ikumwabe? Pansipa sipanabooke?" Singano ija inadzuka koyamba, ndipo amisiri anaiombera m'manja.

Titadutsa mphambano ya ku Bunda, anaiponda. Sindinakwerepo chinthu chothamanga choncho. Msana unamatirira ku mpando, minibasi zikubwerera m'mbuyo ngati zaima. Popeza chiwongolero chinali kumanzere, amisiri sankaona kutsogolo kwa lole, choncho ine ndiye ndinali maso awo. Ndikati "palibe", ankatuluka, injini n'kubangula. Ndinayamba kukhulupirira kuti tifikadi masana.

Tisanafike pa Nathenje inatsokomola kamodzi. Amisiri anandiyang'ana. Inatsokomolanso, inagwedezeka ngati ng'ombe yotsamwa, kenaka inazima. Tinatsetsereka mpaka pambali pa msewu.

"Osadandaula, madala, ndi zazing'ono."

Anatsegula boneti, anagwira apa ndi apo, anakhudza koyilo n'kuchotsa dzanja msanga. Anati yatentha, siinazolowere ulendo. Tinanyowetsa kansalu n'kuikulunga. Titadikira pang'ono anapotokola kiyi, ndipo inalira bwinobwino ngati sinalakwepo kanthu. Amisiri anaseka. "Mwaona? Imafuna kupuma basi, ngati inu nomwe."

Inatitenga mpaka kupitirira Kamphata, n'kuzimanso chimodzimodzi. Ulendo uno anamasula mapulagi onse, anawapukuta, anapala mapointi ndi kachidutswa ka sandipepa kamene ndinali nako m'thumba. Inalira. Tinayenda pang'ono, inazimanso. Chimene chinkatisocheretsa n'choti ikaima kanthawi inkalira yokha, ndiye chilichonse chimene amisiri agwira pa nthawiyo chinkaoneka ngati ndicho chinali vuto. Anasintha kondensa ndi ina imene anali nayo m'bokosi. Anamanga nthambo ina ndi tepi. Nthawi zonse inkavomera, n'kutinamiza mtunda waufupi kuposa woyamba.

Dzuwa linafika pamutu tili pa Linthipe, kumunsi kwa chitunda. Mphepo ya mwera inkaomba kuchokera ku mapiri a Dedza. Ndinayesa kuimitsa magalimoto. Minibasi zinkadutsa zodzaza mpaka pakhomo. Bambo wina wa pikapu anaima, koma anabwera kudzaona galimoto, osati ife. Anaizungulira, anafunsa ngati ikugulitsidwa, ndipo atasuzumira kumbuyo anakumbukira kuti akuchedwa.

Ndinalowetsa mutu m'galimoto. Mayi wa ku Rumphi ankamudonthezera mwana wanga madzi pa milomo ndi supuni.

"Tafika pati, ababa?"

Ndinayang'ana chikwangwani cha patsidya pa msewu. "Pa Linthipe, mwanangu."

"Mwawerenga nokha, kapena akuuzani?"

"Ndawerenga ndekha."

"Aphunzitsi anu aja ankati ndinu mutu wouma." Anafuna kuseka, koma chifuwa chinamugwira, ndipo chinatenga nthawi kuti chimusiye. Chitamusiya anati, "Amayi akhala ali pamsewu. Ndimawadziwa."

Nditabwerera kutsogolo ndinapeza amisiri atasiya za magetsi. Anali atazula paipi yobweretsa mafuta ku pampu, akuiyamwa ndi pakamwa. Anayamwa mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka. Kenaka analavula pa phula. Sanali mafuta ayi, chinali chiphala chofiirira, chokhala ndi timakoko ngati gaga. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Dzimbiri," anatero. "Madala, thanki ija sitinaitsegulepo."

Anakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kundifotokozera, ngakhale ndikuganiza ankadziuza yekha. Zaka zonse zimene galimotoyo inakhala ku Kanengo, thanki inkadyeka m'kati. Ku Biwi mafuta ankangonyowetsa pansi penipeni, ndipo pansipo panali patatsukika kale. Dzimbiri la m'mbali ndi la kumwamba linali louma, lili phee pamalo pake. Ife podzaza thanki tinalinyowetsa lonse, msewu n'kuligwedeza, ndipo tsopano linkagwa n'kutseka kukamwa kwa paipi. Galimoto ikaima, linkabwerera pansi, njira n'kutseguka pang'ono.

"Tinapaka penti mpaka kunsi kwa mipando kumene munthu saona," anatero. "Koma m'mimba mwake ayi."

Kutsitsa thanki n'kuitsuka kukanatitengera tsiku lonse. Amisiri anadzuka n'kutenga chigubu chathu cha madzi, cha malita asanu, n'kukhuthula madziwo, kusiya a m'botolo a wodwala. Anapopa mafuta m'thanki ndi pakamwa, tikuwasefa pa duku la mayi wa ku Rumphi. Dukulo linasanduka lofiira. Anaboola chivindikiro cha chigubucho, analowetsa paipi yaitali, mbali inayo anaipititsa pa mpata wa boneti mpaka ku kabureta. Chigubu chikakhala padenga, mafuta amatsika okha. Ndi nzeru yakale ya madalaivala a malole, aliyense ku Biwi amaidziwa.

Koma denga la galimoto imeneyo linali loterera, lopendekera kumbuyo, lopanda pogwira. Chigubucho tinachimanga ndi linya kudzera m'mawindo, ndipo titangonyamuka chinatsetsereka. Panalibe njira ina. Ndinatsitsa windo langa, ndinatulutsa dzanja lamanja n'kugwira chigubu padenga, lamanzere n'kugwira paipi pamene inkalowera pa chivindikiro kuti isazuke. Phazi la mwana wanga ndinalisiya.

Inakwera chitunda cha Linthipe osatsokomola. Koma sitikanathanso kuthamanga, chifukwa mphepo inkafuna kundilanda chigubu. Mbali yangayo ndiyo inali ya pakati pa msewu, ndipo malole ochokera kutsogolo ankadutsa pafupi ndi chigongono changa. Mafuta ankadontha pa chivindikiro n'kutsika m'dzanja mpaka m'khwapa, ozizira kuposa madzi. Poyamba dzanja linkawawa, kenaka linayamba kuyaka, kenaka linangoti zii. Chilombocho chinkamwa chigubu chonse pa mtunda waufupi, ndiye tinkaima, amisiri n'kuyamwanso, kusefanso, kunyamukanso. Milomo yawo inasupuka n'kuyera. Nthabwala zinali zitatha.

Pa rodibuloko ya ku Dedza wapolisi anatiimitsa akuseka. "Akuluakulu, izi ndiye ziti? Mukufuna mupse nonse?" Anapita mbali ya kumanja kukafuna dalaivala n'kupeza ine. Anawerama kuti alankhule, ndipo anaona kumbuyo. Anamva mmene mwanayo ankapumira. Anaweramuka, anakankha yekha mgolo umene unatseka msewu.

"Pitani, madala. Musaimenso."

Kuchokera pamenepo mayi wa ku Rumphi anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi m'chilankhulo cha kwawo, motsitsa, ndipo ndinkaimva pokhapokha injini ikatsika. Kumanzere ndi kumanja kunali minda ya mbatata ndi mapiri, dzuwa litapendeka. Ndinkafuna kucheuka, koma khosi likatembenuka, phewa linkatsika, chigubu n'kupendama, injini n'kuyamba kutsamwa. Ndinkangofuula kuti, "Tadutsa Dedza, mwanangu! Tatsala pang'ono!" Kamodzi ndinamva ngati wayankha.

Titadutsa mphambano ya ku Bembeke nyimbo ija inaleka pakati. Ndinadikira kuti iyambirenso. Ndinamva bulangete likukokedwa. Kenaka dzanja la mayiyo linagwira phewa langa lamanzere n'kulikanikiza.

"Adada, musacheuke. Gwirani chigubu."

Ndinamva. Amisiri nawonso anamva, chifukwa anavula chipewa n'kuchiika pa miyendo, phazi n'kulibweza pang'ono. Mwana wanga anali atapita. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilire, koma mayiyo ananditsekereza.

"Panjira salira, adada. Eni ake sanamve. Mukalira pano anthu atiimitsa, ndipo mwanayu agona kwa anthu achilendo."

Ndinatseka pakamwa. Ndinagwira chigubu.

Mafuta a m'chigubu anatithera pa Lizulu penipeni, pakati pa msika. Tisanatsike n'komwe, ogulitsa anali atatizinga, mabeseni m'mwamba. "Kachewere, bwana! Kabichi wa lero! Tomato uyu, mupatseko madamu!" Ena ankasisita penti, ena ankafunsa ngati ndi ya nduna. Mtsikana wina analowetsa beseni la mapichesi ouma pa windo mpaka linakhudza bulangete. Mayi wa ku Rumphi analikankha mofatsa.

"Pepani, mwana wanga, wodwala wagona."

Ndinatsika kukathandiza kusefa mafuta. Dzanja lamanja linakana kutsika, ndinachita kulikoka ndi linzake. Ndinagwira duku lija pakamwa pa chigubu, maso ali pa mafuta. Kumbuyo kwa galimoto sindinayang'aneko.

Mwambo wake ndi woti ukabwera ndi maliro sulowa m'mudzi. Umaima patali, n'kutuma munthu kwa malume ake a womwalirayo, iwo n'kukonza mmene amayi ake amvere, atakhala pansi, amayi anzawo atawazungulira. Tinagwirizana kuti tichita chomwecho. Titatsala pang'ono kufika pa njira yafumbi yolowera kumudziko, amisiri anazimitsa injini kuti titsetsereke mwakachetechete.

Koma galimoto imeneyo sinkabisika. Anthu anali ataimva kale ili kuseri kwa phiri. Pa mphambano, pansi pa mitengo ya bulugamu, panali kagulu ka anthu, ndipo anali ataimirira. Panali njinga yotsamira mtengo, imene anabweretserapo amayi ake, ndi mphasa imene anakhalapo kuyambira masana. Wina anali atabweretsa machira a nsungwi oti anyamulirepo wodwala. Galimoto inatsetsereka yokha mpaka inakaima patsogolo pawo.

Amayi akewo ndinawazindikira msanga, ngakhale anali atakalamba ngati ine. Anabwera ndi ndodo, akukoka miyendo, mpango wa ubweya uli m'manja woti amufunditse. Anafika pa windo langa, poti ndilo linali lotsegula. Dzanja langa linali likadali padenga. Anandiyang'ana kumaso, ndipo sindikudziwa ngati anaona mwamuna amene anawasiya kapena nkhalamba chabe yonunkha petulo.

"Mwachedwa kuti?"

Ndikanayenera kutsika, kuwatengera pambali, kuitana achimwene awo. Ndikanayenera kungokhala chete. Koma pakamwa panga panatseguka, ndipo ndinayamba kuwafotokozera za thanki. Ndinawauza kuti kutauni timathira mafuta pang'onopang'ono, kuti dzimbiri linali m'mbali, kuti poyamba tinkayesa ndi koyilo. Ndinawauza za mapulagi ndi za duku. Ndinkamva mawu anga akupitirira, osatha kuwaimitsa. Amisiri anali atagoneka mutu pa chiwongolero.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka maso awo anadutsa phewa langa n'kupita kumbuyo, kumene bulangete linali litafika kumutu. Mpango uja anaupinda kawiri, bwinobwino, n'kuupereka kwa mayi amene anali pambali pawo. Ndodo anaitsamiritsa pa chitseko.

"Tsikani," anatero. "Ndilowe."